Ndani Analavula m'Kabotolo ka a Lumo?

Foni inalira Kamchira akupukuta fumbi pa mpando wometera wa malemu abambo ake. Woimbayo anali mayi wa ku labotale kumene iye anatumizako timabotolo tiwiri ta malovu, kake ndi ka abambowo, kuti akayeze DNA. Mawu a mayiyo anali ofewa mopitirira, ngati a munthu amene akukukonzera pogwera.

"Kabotolo kanu kali bwinobwino, mayi. Vuto lili pa kachiwirika. Munalemba kuti ndi ka abambo anu, koma malovu ali m'katimo ndi a munthu wamkazi."

"Wamkazi? Ayi, makina anu asokonezeka. Abambo anga ndinawasiya ndi kabotoloko m'manja."

"Tabwereza kuyeza, yankho ndi lomwelo. Ndiye taimitsa kaye zonse. Ngati n'kotheka alavulenso, titumiza kena kwaulere."

Kamchira anathokoza, poti analeredwa bwino, n'kudula foni. Alavulenso! A Lumo, abambo akewo, anali atagona kumanda mwezi ndi kanthu. Iye anakhala pa mpando uja, mpando umene palibe analimba mtima kuukhalira chimwalirire mwini wake. M'kalilole wamkulu wa shopuyo anaona mzimayi wamkulumkulu, mphunzitsi wa ana a anthu, akulira kukamwa kuli yasa ngati mwana wotayika pamsika.

Dzina loti Kamchira anamupatsa ndi makasitomala a mu shopu yomweyo. Ali wamng'ono, a Lumo akatembenuka iye ali pambuyo, akapita kokanoletsa malumo iye ali pambuyo, ngakhale kuchimbudzi ankawadikira pakhomo. Anakula, anaphunzira, anakwatiwa, banja linatha, koma dzinalo silinathe. Ndipo pa ana awiri a pakhomopo ndi iye yekha amene anatengera matenda a abambo ake, matenda ofuna kudziwa kwawo.

A Lumo ndi mlongo wawo, amene Kamchira ankawatchula kuti azakhali, anapezeka pa siteshoni ya basi ali tiana, wamkulu atagwira dzanja la wamng'ono, osadziwa dzina la mudzi wawo ngakhale la bambo awo. Anakulira kunyumba ya ana amasiye. Moyo wawo wonse a Lumo ankameta anthu akuwasuzumira makutu ndi m'makosi, ati mwina tsiku lina pampandopo padzakhala munthu wa makutu onga awo. Makasitomala ankaseka nazo, iwonso ankaseka, koma Kamchira ankaona momwe ankausira moyo munthuyo akatuluka.

Pakhoma la shopu iye anamatapo pepala lalikulu la mtengo wa banja. Mbali ya malemu amayi ake inali ndi nthambi mpaka kudenga. Mbali ya abambo inathera pa maina awiri, pamwamba pake pali mbee. Kabotolo kaja kanali koti kadzaze malo oyerawo, a labotale akafananiza ndi anthu ena amene anayezetsa kale. Tsopano wina anali atalavulamo zake, ndipo Kamchira anamva ngati abambo ake amwaliranso kachiwiri.

*

Kuseri kwa mpanda kunkakhala a Sajeni, mayi amene anapuma ntchito yaupolisi kalekale koma maso sanapume nawo. Anamvetsera nkhani yonse akuyamwa switi, mwendo wa bondo lotupa uli pa kampando.

"Pa ntchito yanga yonse ndinagwira akuba mbuzi, akuba mawaya, wina mpaka anaba bokosi la maliro. Wakuba malovu ndiye woyamba. Ukapita nazo kupolisi akakuseka mpaka kugwa pa mipando."

"Musaseke, a Sajeni. Ndi zokhazo zimene anandisiyira."

"Nanga ako aja sakwana? Si iwe mwana wawo?"

"Anga ali ndi theka lokha, losakanikirana ndi la amayi. Akuti a munthu wamkulu amafika patali. Ine ndinkafuna abambo anga athunthu."

A Sajeni anasunthira switi kutsaya lina, ndipo nthabwala zinathera pomwepo. "Yambira pachiyambi. Usadumphe ngakhale chimene ukuchiona ngati n'chopanda pake."

Kamchira anafotokoza. Timabotolo tinafika a Lumo atagonja kale ndi matenda, ali chigonere m'chipinda cha pakati pa shopu ndi khitchini. Masana a tsikulo iye anatseka chitseko n'kuwawerengera malangizo, ali awiri okha. Munthu asadye, asamwe, asatsuke m'kamwa kwa kanthawi asanalavule. Alavule mpaka pamzera, kenako atseke chivindikiro mwamphamvu kuti madzi abuluu agweremo. A Lumo, ndi nthabwala zawo zosatha zija, anamuthira mafunso. Kodi makinawo adzadziwa kuti ndinkasuta mobisa? Adzadziwa kuti ndine wometa? Nanga amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi? Iye anawayankha akuseka kuti za fodya ndi za lumo ayi, koma za mwamuna ndi mkazi ndizo zimene amayamba kuona.

Kutacha anawapatsa kabotolo. Iwo anati munthu salavula mwana wake akumuyang'ana, ndiponso kukhosi kwauma, akawagulire ndimu kumsika kuti fungo lake liitane malovu. Pobwera anapeza kabotolo kadzaza, kotseka, kali buluu. Anakanyamula yekha mpaka ku positi, osakapatsira munthu wina aliyense.

"Ndiye kuti zonse zinachitika iwe uli kumsika," anatero a Sajeni. "Pakhomo panali akazi angati?"

"Azakhali anali kuchipinda kwawo akusoka. Mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga uja, anali cha kukhitchini. Ndiye namwino amene ankabwera m'mawa uliwonse."

"Imbira a labotale. Uwauze kuti asaimitse kanthu, afananize malovu a mlendoyo ndi ako."

"Afananize chifukwa chiyani?"

"Galu wamkota sakandira pachabe. Imba, kenako undipatse ndodo yanga."

*

M'chipinda cha a Lumo munali mukadali fungo la mankhwala ndi la sopo wometera. A Sajeni anaima pakati n'kuzungulira pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pansi. Anatsegula chitseko cholowera ku shopu, anachitseka. Anatsegula china chaching'ono chotulukira pakhonde la kuseri, anasuzumira, n'kugwedeza mutu. Kenako analoza pawindo, pamene panali kanthu kofota, kouma gwa.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndimu ija."

"Yosadula. Sanainunkhize?"

"Ndinapeza atamaliza kale. Ndikulephera kuitaya, a Sajeni. Ndicho chinthu chomaliza chimene anandituma."

"Anakutuma chinthu chimene sankachifuna. Masiku amenewo supuni ankaigwira okha?"

"Ayi, tinkawadyetsa."

"Munthu wolephera supuni, chivindikiro cholimba chija anachitseka ndi chiyani?"

Kuseri kwa khoma makina osokera ankalira, monga analirira masiku onse a moyo wa Kamchira, ndipo a Sajeni anatsatira phokosolo.

Azakhali anali atawerama pa nsalu, magalasi ali pamphuno, mapini ali pakamwa, kapu ya tiyi ili pambali pa makina. Kapu imeneyo ndi azakhali sankasiyana. Iwo anali munthu wa mawu ochepa, ankawayeza asanawadule ngati nsalu ya mwini.

"Tikufufuza za kabotolo ka achimwene anu," anatero a Sajeni atapereka moni. "Akuti wina analavulamo. M'mawa umene mwanayu anapita kokagula ndimu, inu munali kuti?"

Azakhali anachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi. "Pano. Pa makina."

"Simunaone munthu akulowa kwa wodwala?"

"Maso anga amakhala pa singano."

"Simunamve kanthu?"

"Makinawa ndi aphokoso." Anayang'ana Kamchira mofulumira, n'kubweza maso pa nsalu. "Wadya iwe? Wawonda."

Atatuluka, Kamchira ananong'ona mokwiya pang'ono. "Azakhali asiyeni. Iwonso anaima pa siteshoni paja. Ngati pali munthu wofuna kudziwa kwawo kuposa ine, ndi iwowo."

"Sindinanene kanthu," anatero a Sajeni. "Ndangoona kuti nkhani yachilendo chonchi sanafunse kuti walavulamo ndani."

*

Mawa lake anamupeza namwino kuseri kwa kachipatala, akudya ataimirira, foni ili pakati pa phewa ndi khutu. Anali munthu wolankhula mothamanga ngati basi ikumusiya.

"Ine kulavula m'botolo la wodwala? Amayi, tsiku lonse ndimanyamula mabotolo a anthu, ndingakhumbirenso kudzaza langa? Koma ndikuuzeni chilungamo, achemwali, musakhumudwe. Kabotolo kaja mutandionetsa kali kodzaza ndinadabwa. Mankhwala amene ankamwa aja amaumitsa kukamwa. Milomo ndinkachita kuwanyowetsa ndi thonje. Munthu woti sakanatha kunyowetsa sitampa, ndiye mpaka pamzera? Ndinangoti mwina mwathiramo madzi, za eni ake."

Kamchira anagwidwa manyazi ndi chisoni pamodzi. Iye amene ankadziwa mpaka katsokomoledwe ka abambo ake, anakondwera ndi kabotolo kodzaza osadzifunsa kuti kadzaza bwanji.

"Munafika nthawi yanji?" anafunsa a Sajeni.

"Tinakumana pa geti ndi achemwaliwa, iwo akutuluka ine ndikulowa. Ndinapeza chitseko cha wodwala chotseka. M'katimo munthu wamkazi akulira chapansipansi, bambo aja akumunyengerera. Ndinati ndi za pabanja, ndinakadikira mu shopu."

"Mawuwo anali a ndani?"

"Kulira kulibe mwini, amayi. Tonse timalira mofanana."

"Makina osokera ankamveka?"

Namwino anasiya kutafuna. "Mwandikumbutsa. Pakhomo paja makina aja amayamba m'mamawa, mpaka ndinkadandaula kuti wodwala sapuma. Tsiku limenelo kunali zii."

"Anatuluka m'chipindamo ndani?"

"Sindinamuone. Foni inalira, ndinapita panja. Pobwerera chitseko chili chotsegula, bambo ali okha, akumwetulira ngati mwana amene waba shuga. Ndinati lero mwadzuka bwino eti, iwo akuti, 'Namwino, lero ndameta munthu iye osadziwa.' Ndinkayesa ndi malungo akuwalankhulitsa."

*

Mlamu wa Kamchira ankagulitsa nsapato pamsika. Atangowaona akubwera, manja anapita m'chiuno.

"Ndinadziwa! Pakhomo pakalakwika kanthu wolakwa ndi wobwera. Alamu, mpaka kunditengera apolisi?"

"Wapolisi wake wopuma, wa bondo limodzi," anatero a Sajeni akudzikhazika pa benchi osaitanidwa. "Tamva kuti zoyezazi inu simunazifune."

"Sindinazifune ndipo sindikubisa. Ndinanena pamaso pa aliyense kuti zofukula zakale zimatulutsa njoka. Lero mupeza msuweni, mawa atulukira ana ena a apongozi kudzagawana kashopu kaja, nanga ana anga adzalowera kuti? Ndikanakhala wa mtima woipa ndikanakaponya m'chimbudzi kabotoloko. Kulavulamo kukanandipindulira chiyani ine?"

"M'mawa umenewo munali kuti?"

"Pampopi, kuchapa zofunda za apongozi. Funsani aneba onse, ankandiona. Ochapa ndife, koma otchuka ndi chikondi ndi ena." Anamuponyera diso Kamchira. "Ndipo tsiku limenelo ndinali nditapsa kale mtima. Ndaphika tiyi, ndawapititsira azakhali kuchipinda kwawo, andibweza naye pakhomo. Azakhali kukana tiyi! Munthu woti nyumba itayaka angayambe wamaliza kapu kenako n'kukuwa. Ndinati kapena akundiganizira kuti ndathiramo mankhwala."

"Anati samwa tsiku lonse?"

"Ayi, anati pakali pano sindingamwe. Alamuwa atangonyamuka ndi kabotolo kupita ku positi, azakhali anabwera okha kukhitchini kudzamwa, wozizira yemweyo, n'kuwonjezeranso."

A Sajeni anadzuka, nagula zingwe za nsapato zimene sankazifuna kuti mlamu atsike mtima, n'kumukoka Kamchira kutuluka mumsikamo. Atafika pamsewu anaima.

"Malangizo aja, oti munthu asamwe kanthu, unawawerengera ndani?"

"Abambo okha."

"Pepala lake linagona kuti?"

"M'chikwama changa."

"Ndiye azakhali ako anadziwa bwanji zokana tiyi? Akuba ndi awiri, mwana wanga, ndipo mmodzi tinamuika kale m'manda."

Kamchira anauma pomwepo, njinga zikumulambalala. Anafuna kukana, kunena kuti abambo ake sakanamuchita chipongwe chotere, iwo amene anakalamba akusuzumira makutu a anthu. Asanatsegule pakamwa foni inalira. Anali mayi wa ku labotale uja, ndipo ulendo uno mawu ake anali osangalala.

"Tafananiza monga munapemphera. Zikuoneka kuti munangolakwitsa polemba, mayi, chifukwa kabotoloko ndi ka kholo lanu ndithu. Mwini wake ndi mayi anu okuberekani. Ndiponso tapeza anthu angapo amene akufanana nawo magazi, maina awo titumiza."

Maina amene iye anawalakalaka zaka zonsezi anangomudutsa m'khutu osawamva n'komwe.

"Amayi anga anamwalira kalekale," anatero.

Mawu a mayi uja anafewanso.

"Pepani, mayi. Koma amene analavula umu anali moyo tsiku limene kabotoloka kanatsekedwa, ndipo ndi amene anakuberekani."

*

Sanadziwe kuti anafika bwanji kunyumba. Njira yonse zinthu zakale zinkadzuka zokha, popanda wozidzutsa. Yunifomu iliyonse ya kusukulu anamusokera ndi azakhali, ndipo poyeza ankachedwa, tepi ili m'chiuno mwake iwo akungomuyang'ana kumaso. Atadwala chikuku, amayi ake akagona ndi kutopa, amene ankawapeza atakhala pamphepete pa bedi anali azakhali. Tsiku lina ali wamng'ono anawatchula molakwitsa kuti amayi, ndipo malemu amayi ake, munthu wosamenya mwana, anamumenya mbama imene mpaka pano sanaiiwale. Amuna anabwera kudzawafunsira azakhali, ena a ntchito zabwino, onse anabwerera zipewa zili m'manja. Iwo sanachoke m'kachipinda ka kuseri kwa shopu.

Koma chimene chinamubaya pamtima chinali china. Ngati azakhali ndi amayi ake, ndiye kuti a Lumo anali amalume. Munthu amene iye anamutsatira ngati mchira moyo wake wonse sanali bambo ake, anamubisira mpaka tsiku lomaliza, ndipo panalibenso koti akamufunse.

Makina ankalira pamene analowa kwa azakhali. A Sajeni sanachedwe ndi moni.

"Munati m'mawa uja munali pa makina. Namwino akuti makina anali chete."

"Ulusi unatha."

"Nanga tiyi munamukaniranji?"

"M'mimba."

"M'mimba mwake munachira mwanayu atangonyamuka kupita ku positi?"

Azakhali anayang'ana Kamchira, ndipo zimene anaona pankhope pake zinawakwanira. Phazi linachoka pa chopondera, makina anaima, manja anasiya diresi imene ankasoka.

"Bondo langa likufuna mphepo," anatero a Sajeni, natuluka, n'kutseka chitseko.

"A labotale aimba." Mawu a Kamchira anatuluka ouma. "Akuti kabotolo kaja ndi ka mayi wondibereka."

"Akuti mayi?" Azakhali anakweza mutu, odabwa zenizeni. "Sanangoti kholo?"

"Akuti mayi."

Azakhali anapotokola kansalu m'zala. Pamene anayamba kulankhula, analankhula mawu ochuluka kuposa onse amene Kamchira anawamvapo kuchokera pakamwa pawo.

"Ndinali mtsikana, ndikuphunzira kusoka. Mwamunayo atamva za mimba anazimiririka, sindidziwa ngati ali moyo. Achimwene anali atakwatira, zaka zikupita mwana osabwera, alamu akulira mwezi ndi mwezi. Mlongo wako anadzabadwa pambuyo, aliyense atataya kale mtima. Ife tinakula opanda bambo, kuwawa kwake timakudziwa. Achimwene anati mwana uyu asadzaime pa siteshoni ngati ife. Anakutenga uli wakhanda. Alamu anatilumbiritsa tonse awiri kuti pakamwa pathu sipadzatuluka liwu, iwo ali moyo kapena atafa. Usawade, anakukonda. Ankangoopa kuti tsiku lina udzasankha."

"Ndipo inu munavomera kukhala kuseri kuno zaka zonsezi?"

"Kuseri kuno ndimakuona. Ndikanakwatiwa ndikanamakuona pa tchuthi."

"Nanga kabotolo?"

"Iwe utatuluka masana aja anandiitana. Anati, 'Mlongo wanga, tagwidwa. Ndikalavula ine, makina adzanena kuti ndine malume, mwana adzasweka mtima ine kulibe. Lavula iwe. Iwe ndi ine magazi ndi amodzi, abale amene akuwafuna adzawapeza ndithu, ndipo makina adzangoti kholo. Kholo ndi kholo, malovu alibe ndevu. Mawa usamwe tiyi.' Ndinakana. M'mawa ndinakananso, ndinalira, koma unkawadziwa abambo ako akayamba kunyengerera. Ndinachita kuti ndikusungire bambo. Taona tsopano, ndakulanda onse awiri."

Kamchira anali atabwera ndi mkwiyo wodzaza chifuwa, ndipo ankafuna pougwetsera. Koma mawu oti malovu alibe ndevu anamubweza m'chipinda cha wodwala, masana aja, pepala la malangizo lili m'manja mwake. Anawaona abambo ake atatsamira pilo, maso akuseka, akufunsa za fodya, za lumo, kenako funso lomaliza lija limene analibisa pakati pa nthabwala. Iye anawayankha momveka bwino. Iwo anagwedeza mutu n'kuyang'ana khoma limene kuseri kwake makina ankalira.

Ankadziwa. Lumbiro lawo analisunga mpaka kumanda, pakamwa pawo sipanatuluke liwu, koma sanafune kuchoka n'kusiya anthu awiri amene ankawakonda akungodutsana pakhonde, wina akufunsa kuti wadya, wina akuyankha kuti eya azakhali. Anameta munthu iye osadziwa. Kamchira anawasowa nthawi imeneyo kuposa tsiku la maliro. Analakalaka atangotulukira pakhomo, thaulo lili paphewa, kuti awakalipire mpaka mawu athe, kenako awagwire malaya kumbuyo monga kale. Makina anene zimene anene, iye sakanatha kuwatchula amalume.

"Anandifunsa," anatero. "Masana omwewo, asanakuitaneni. Anandifunsa ngati makina amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Ndinawauza kuti ndizo zimene amayamba kuona."

Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, anawapukuta ndi diresi ya mwini, n'kuwavalanso. Kenako panatuluka kaphokoso kachilendo, kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira.

"Ndiye kuti ankadziwa? Chigawenga chija, chili pabedi, mpaka kundimana tiyi wanga... Achimwene anandinamiza?"

Kamchira anagwada pambali pa makina, pakati pa tizidutswa ta nsalu ndi ulusi. Mawu amene ankafuna kunena anali olemera, ndipo tsaya lake linakumbuka mbama ija. Anawatulutsabe.

"Anakunamizani, amayi."

Manja amene ankachedwa ndi tepi aja anafika pamutu pake, ndipo ulendo uno panalibe choti ayeze.